Mimba siyambira pa baby shower

Mu Lusaka masiku ano mimba ili ndi programme monga show ya oimba. Poyamba pali photo shoot, mayi atavala nsalu yaitali yokwekwa pansi, bambo atagwada akupsompsona mimba. Kenako gender reveal, kuphulitsa baluni kuti tione ngati mutuluke pinki olo buluu. Pomaliza baby shower: mipando yobwereka, keke ya masitepe awiri, DJ, ndi komiti ya pa WhatsApp yotolera ndalama mwaukali kuposa ba landlord kumapeto kwa mwezi. Nchito yanga ndi kulemba nkhani za zosangalatsa, choncho maphwando otere ndapitako ambiri, ku Chalala, ku Kabwata, ngakhale mkati mwa Kanyama kumene tenti imodzi imatseka njira yonse. Sindidana nawo. Nkhuku imakhala yambiri, ndipo ma diaper amene anthu amabweretsa amathandizadi.

Koma yanganani nthawi yake. Zonsezi zimachitika mimba ili ndi miyezi 7 kapena 8, pamene ngakhale conductor wa minibus waiona kale ndipo akuuza mayi kuti akhale kutsogolo. Miyezi 3 yoyamba, imene mwana amaumbika mutu, msana ndi mtima, ilibe DJ. Ndiyo imene timabisa.

Zifukwa zobisira tonse tizidziwa. Mtsikana aopa makolo. Mnyamata aopa damage, ndipo akali kuwerenga masiku pa kalendala ngati angapeze pothawira. Amene ali pa contract mu shop ku town aopa kuti abwana akamva, mwezi wamawa padzakhala wina pa till. Ndiye pali mantha aja akale, akuti ukakamba msanga anthu a nsanje adzaimanga mimba. Ine sindingakangane ndi ambuya a munthu pa nkhani imeneyo. Bisani kwa a neba, bisani pa Facebook, bisani ngakhale kwa aunt uja amene sasunga nkhani. Koma ba nurse si a neba. Kliniki ifuna kukuonani mimba isanakwane masabata 12, ndipo kuyambira mu 2016 WHO imalangiza kuti mayi aonedwe maulendo 8 asanabereke, osati 4 monga kale. Amene wayamba antenatal pa miyezi 6 chifukwa chitenge chakana kubisa, ena mwa maulendowo amupita kale.

Ka piritsi kaja ka folic acid kamene amapereka kaoneka monga kopanda nchito, koma nchito yake yaikulu ili kumayambiriro kwenikweni. Njira imene imadzakhala ubongo ndi msana wa mwana imatsekeka mkati mwa mwezi woyamba, nthawi imene ambiri akali kuganiza kuti period yachedwa chabe. Ndiye chifukwa chake amati ngati mukufuna mwana, yambani kumwa musanatenge mimba, ndipo ngati yabwera yosaitana, yambani tsiku limene mwadziwa.

Ine ndi amake mwana tinapita mimba ili ndi masabata 9. Tinafika 06 hours, mzere unali utayamba kale. Pa benchi yonse amuna tinali awiri, ine ndi mudala wina wovala ovololo amene anali kuyangana pansi monga wabwera ku khoti. Tikambe zoona, anyamata anzanga. Chimene timathawa ku antenatal si mzere, ni ka test. Timatuma madam, akabwera nazo zabwino timati basi na ine nili bwino. Sizili tero. M'nyumba imodzi wina angakhale ndi HIV wina alibe, kwa zaka. Ndipo mayi akatenga kachilombo ali ndi mimba kapena akuyamwitsa, mpata wopatsira mwana umakula kwambiri, chifukwa kachilombo kakangolowa kumene kamachuluka m'magazi. Pamene mayi amene adziwa, namwa ma ARV tsiku ndi tsiku, kawirikawiri amabereka mwana wopanda kachilombo ndi kumuyamwitsa bwinobwino. Amapimanso chindoko, chimene chingaphe mwana m'mimba koma chimachira ndi nyeleti. Akachiza mayi yekha, bambo ali ku bar kuonera mpira, matendawo amabwereranso pa bedi lomwelo.

Mapiritsi ena onse ali ndi nkhani zake mu komboni. A iron, aja owonjezera magazi, amadetsa chimbudzi ndipo ena amawaumitsa m'mimba, ndiye ambiri amawaponya pansi pa matiresi. Chimbudzi chakuda si matenda. Chofunika ni kusamwera tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza iron kulowa m'thupi. Mwerani madzi, ndipo ngati pali lalanje kapena gwafa ndiye bwino. Fansidar woteteza malungo amayamba mimba ikapitirira miyezi 3, ndipo amamwera pomwepo ba nurse akuona. Neti ni yogonamo, si yotchingira dimba. Dothi lija limene azimayi amagula pa msika ndi kutafuna monga chokoleti, nthawi zambiri chilakolako chake chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, choncho m'malo mowonjezera oda, uzani a ku kliniki apime. Za mazira, zakuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, amake mwana anadya dzira pafupifupi tsiku lililonse ndipo mtsikana wathu anatuluka ndi tsitsi loti n'kuluka. Kapenta, nyemba, chibwabwa chotendera, bondwe, kalembula: chakudya cha mimba chili pa msika wa pafupi, sichili mu mall.

Chimodzi chimene ndimaona ku nchito kwanga usiku ndipo sindingachisiye: mtsikana amene mimba yake sinaoneke, ali ndi cider m'manja, ati iyi ni yofewa, ni juice chabe. Mowa ni mowa, kaya uli m'botolo lokongola kaya m'chikatoni cha Chibuku, ndipo umadutsa mpaka kwa mwana. Palibe mlingo umene madokotala anapeza kuti ndi wabwino. Shisha nayonso ni fodya, olo inunkhire apulo.

Phindu la kuyamba msanga ndinaliona bwino mwezi wa 8. Ndinali ku show Loweruka usiku, foni inalira cha m'ma 22 hours. Amake mwana anati, "Atake mwana, mutu unibaba maningi, ndipo nikuona tunyenyezi." Masiku awiri m'mbuyomo mphete inali itakana kutuluka pa chala, nkhope itatupa pang'ono, ndipo azimayi a pa plot anati ndi mmene imakhalira mimba ya mwana wamkazi. Kutupa miyendo madzulo n'kofala. Koma kutupa nkhope ndi manja, mutu wosamva Panadol, maso kuona zachilendo, kupweteka pansi pa nthiti, zimenezo ni BP ya mimba, imene ingagwetse mayi ndi kumukomola. Nambala ya wa taxi tinali nayo kale, ndalama yake inali padera mu mobile money, yosakhudzidwa ngakhale pa tsiku louma. Titafika, ba nurse anatsegula kadi ndi kuona BP ya miyezi yonse kuyambira sabata la 9. Sanachedwe kufunsa zambiri. Anaona okha pamene inali ndi pamene yafika, natitumiza ku chipatala chachikulu usiku womwewo. Anamusunga pa mankhwala, ndipo mwana anabadwa pa masabata 37, wa makilo 2.6, wolira monga amene walandidwa change.

Zina zosadikira kuti kuche ndi izi: magazi kutuluka, madzi kusweka nthawi isanakwane, thupi kutentha, ndi mwana amene anali kumenya tsiku lonse kukhala zii. Mu Lusaka muli zipatala ku Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata compound, kuwonjezera pa UTH ndi Levy Mwanawasa, ndipo kumaternity sikutsekedwa usiku. Mankhwala a m'botolo ofulumizitsa kubereka, aja amene wina amakulowetserani mu flask monga tiyi, asiyeni. Amakoka chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo chiberekero chingang'ambike.

Manje mwana wabadwa. Sabata loyamba nyumba imadzaza, aliyense afuna kumunyamula ndi kunena amene wafanana naye. Sabata lachitatu mwatsala atatu, ndi beseni ya matewera. Apa ndi pamene pali nyengo ina yobisika, yopanda zithunzi.

Nkhondo yaikulu kwathu inali ya madzi. Mwana anabadwa kumapeto kwa August, ndiye October inamupeza ali ndi masabata ochepa, malata akutentha monga mbaula. Apongozi, amene anabwera kuchokera ku Petauke kudzathandiza, sanamvetse. "Munthu wamoyo osamwa madzi na kutentha uku? Ana anga onse 6 ninawapatsa, ndipo ali moyo." Mkamwini sakangana ndi apongozi, mudziwa. Sungaime pakati pa nyumba ndi kuyamba kuwerenga zimene waona pa foni. Tinachita zoti pa ulendo wotsatira wa ku under-five apite nawo, anyamule mdzukulu ndi iwo. Kumeneko ba sister, mayi wa msinkhu wawo, anawafotokozera mwaulemu: mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ni madzi kale, mwana akamva ludzu muikeni ku bere kawirikawiri. Mimba yake ni kang'ono, mukaidzaza madzi ayamwa pang'ono, ndipo bere likayamwidwa pang'ono mkaka umachepa. Ndiponso madzi athu a mu komboni tiwadziwa. Kolera imene inadzaza Heroes Stadium ndi odwala kumayambiriro kwa 2024 sitinaiiwale. Apongozi anabwerako ali chete, ndipo madzulo ndinawamva akuuza a neba kuti masiku ano ana samwa madzi mpaka miyezi 6, monga lamulo analipanga ndi iwo.

Miyezi 6 imeneyo ni bere lokha: popanda madzi, tiyi, gripe water, kapena ka phala kopyapyala koti agone. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amafinyira pansi ati ni wakuda, ndiwo uli ndi chitetezo chambiri, ndipo mwana ayenera kuikidwa pa chifuwa cha amake ndi kuyamwa mkati mwa ola loyamba. Wakhanda amayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku, usiku womwe. Masiku oyamba amatsika sikelo pang'ono ndi kubwereranso pofika masabata 2. Ngati mufuna kudziwa kuti akukhuta, werengani matewera: akanyowetsa 6 kapena kuposa pa tsiku, mkaka ukulowa.

Pa mchombo musaike phulusa, powder, mafuta a galimoto kapena chilichonse chimene sichinachoke ku kliniki. Ukhale wouma, thewera lipindidwe pansi pake, umagwa wokha pa sabata limodzi kapena awiri. Liwombo, chija ena amati chapamutu, kugunda kwake si matenda, ana onse ali nalo ndipo limatsekeka lokha mwana atapitirira chaka. Likalowa mkati, makamaka mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ni kliniki, osati phala lakuda lomata pamutu. Wakhanda amene wakana bere, akupuma mofulumira, watentha kapena wazizira, maso ndi zikhatho zachita chikasu, ameneyo sayesedwa ndi Panadol kunyumba.

Amene ana anu adzabadwa mu June kapena July, mverani ichi. Mbaula m'nyumba yotseka imapha, ndipo utsi wake woopsa suoneka, sununkha. Ndi load shedding tonse timaphikira pa malasha, koma mbaula ituluke panja musanagone. Mwana wozizidwa amafunda bwino pa chifuwa cha munthu, khungu pa khungu, chitenge pamwamba, ndipo chifuwa cha bambo chimagwiranso nchito imeneyo. Kumbali ina, tili ndi chizolowezi chokulunga mwana monga chikanda: vest, romper, juzi, chipewa, shawl, bulangeti, dzuwa lili pamutu. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake. Ngati kuli thukuta, chotsani chimodzi. Pogona agone chagada, nkhope yosaphimbidwa.

Kulira ndiko kumayesa ukwati. Pa masabata 6 mpaka 8 ana ambiri amalira kwambiri madzulo popanda chifukwa chooneka, wayamwa, thewera n'louma, koma nyimbo ikupitirira. Nyumba zathu za khoma limodzi, a neba akumva, ena ayamba kale kufunsa ngati mwana wakana dzina. Zimachepa zokha pofika miyezi 3 kapena 4. Chimene sichibwerera ni kumugwedeza mwaukali. Khosi lake n'lofewa, ubongo umagunda mkati, ndipo masekondi ochepa angamulemaze moyo wonse. Mutu ukatentha, muikeni pa bedi bwinobwino, tulukani panja, pumani, itanani wina. Ndinapeza kuti ine wozolowera kugona 03 hours chifukwa cha nchito, shift ya usiku inandiyenera. Ndinkamupapa ndi chitenge n'kumazungulira mu sitting room, amake agoneko maola awiri. Anyamata a pa barbershop anaseka atamva. Aseke.

Yanganiraninso mayi. Kulira pang'ono ndi kukwiya msanga masiku oyamba kumachitika kwa ambiri. Koma pakapita masabata 2 akali wosasangalala, sadya, sagona olo mwana atagona, akunena kuti sali mayi wabwino kapena safuna kumuona mwana, si ulesi ndipo si mizimu. Ni matenda odziwika, ndipo ku kliniki amathandiza. Amene ali pafupi kuti aone ni iwe bambo.

Za kakulidwe, ma group a pa WhatsApp asanduka mpikisano. Wina waika video ati wanga wakhala pa miyezi 4, wina ati wanga akuyenda pa 8, ndipo mayi wina kunyumba wayamba kuda nkhawa. Mipata yake ni yotakata. Kumwetulira kwenikweni, koyankha nkhope yako, kumabwera cha pa masabata 6 mpaka 8. Khosi limalimba pa miyezi 3 kapena 4, ndipo limalimba msanga ngati mumamugoneka chafufumimba pa mphasa kwa mphindi zochepa ali maso, inu muli pomwepo. Kukhala yekha, ambiri ndi pakati pa miyezi 6 ndi 8. Kuyenda, ena chaka chisanakwane, ena mpaka miyezi 18, onsewo ali bwino. Chofunsa ku under-five ni mwana amene sadzidzimuka ndi phokoso, satsatira nkhope ndi maso, ali lobodoka monga nsalu, kapena wasiya chimene anali atayamba kuchita.

Chimene chimakulitsa ubongo wake n'chotchipa mochititsa manyazi. Wakhanda amaona bwino pa mtunda wochoka pa bere kufika pa nkhope ya amake, ndipo nkhope ndiyo cinema yake. Kambani naye. Muuzeni kuti manje tikusamba, manje tikuvala, Zesco yapita. Akati "agu", yankhani, dikirani, ayankhanso. Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chizungu, zonse zilowe, sizimusokoneza. Koma foni si nanny. WHO inanena mu 2019 kuti mwana wosakwana chaka asaonetsedwe screen konse, ndipo makatuni aja amene timamuikira kuti titsuke mbale amamutontholetsa chabe, samuphunzitsa kukamba. Ndiponso, monga munthu amene amaima pafupi ndi ma speaker sabata iliyonse, ndikupemphani: ku kitchen party ndi ku matebeto musakhale ndi khanda kutsogolo kwa speaker. Ine wamkulu ndimabwerako makutu akulira mpaka m'mawa.

Amene muli pa nchito yolembedwa, dziwani zanu. Employment Code Act ya 2019 imapatsa mayi masabata 14 a maternity leave, ndi malipiro onse ngati wagwira zaka 2 kwa abwana amodzi, ndipo mimba si chifukwa chochotsera munthu nchito. Akabwerera ali ndi ola limodzi pa tsiku loyamwitsa mpaka mwana atakwana miyezi 6. Bambo amene wagwira chaka ali ndi masiku 5, otengedwa mkati mwa sabata limene mwana wabadwa. Ambiri sitipempha chifukwa sitidziwa, ndipo abwana sadzakukumbutsa. Amayi a pa msika ndi a piece work lamuloli siliwafika, amabwerera pa tebulo mwana ali kumbuyo. Amene afunika kumusiya kunyumba angafinyire mkaka mu kapu yoyera yovundikira. Umakhala bwino pafupifupi maola 4 popanda fridge, ndipo womusunga amumwetse ndi kapu, osati botolo lovuta kutsuka.

Wathu ali ndi miyezi 7 manje. Anayamba phala pa 6, lolimba loti silikugwa pa supuni, tsiku lina la nsinjiro, tsiku lina la dzira, tsiku lina la kapenta wosinja, ndipo bere likupitirira. Uchi ayi mpaka chaka chikwane, ndipo maheu ndi ma jiggies amene amalume ake amabwera nawo amathera mwa ine. Kadi yake ya under-five timaisunga mu pulasitiki pamodzi ndi ma NRC athu. Ya BCG ndi madontho a polio analandira atangobadwa, nyeleti za pa masabata 6, 10 ndi 14 zinapita, iliyonse ndi usiku wake wa kutentha thupi pang'ono ndi kulira. Yatsala ya chikuku pa miyezi 9, ndi ina pa miyezi 18 imene ambiri amaiwala chifukwa mwana amakhala akuthamanga kale. Zonse ziwiri ndaika alarm mu foni, ndipo abwana ndawauza kale kuti masiku amenewo m'mawa sindidzapezeka.